Apongozi Kutsogolo, Mwini Galimoto Kumbuyo

Aliyense ku Tsangano wa ku Mozambique amene galimoto yake inayamba yatsokomolapo amawadziwa a Atanásio Paulino, ngakhale kuti dzina lonselo amalitchula ndi abambo mfumu okha kutchalitchi. Anthu wamba amangoti a Tanaziyo, kapena a Mesitire, kutanthauza katswiri. Ofisina yawo, pamene amakonzera magalimoto, ili kuseri kwa msika, mukangodutsa pamene amayi amaunjika mbatata ya kachewere. Ndi malata asanu ndi limodzi pamwamba pa mitengo ya bulugamu, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, ndi mtengo wa pichesi umene unaleka kubala chifukwa chomwa oyilo. Eniakewo ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala ndi dazi lowala. Akamamvetsera injini amatsinzina ngati ali pa pemphero, ndipo akatsegula maso amakuuzani matenda ake inu musanayambe n'kufotokoza komwe.

Pansi pa pichesiyo panakhala karinya yawo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Inali pikapu ya kwatro-por-kwatro, ija imakoka ndi matayala onse anayi, koma iyi sinkakoka ndi limodzi lomwe chifukwa inali pa njerwa. Nkhuku za mayi Lurdes, akazi awo, zinaswera m'menemo mibadwo yosawerengeka. Alendo ankayesa kuti ndi chiphakasa chotayidwa. A ku Tsangano ankadziwa kuti imeneyo ndi galimoto ya apongozi, ndipo nkhani yake inayambira kutali.

Nkhondo itavuta, a Tanaziyo anathawira ku Malawi, cha ku Ntcheu, ali mnyamata wometa kale ndevu. Kumsasa wa othawa nkhondo anadziphatika kwa amakaniko okonza malole obweretsa chakudya, mpaka manja awo anazolowera sipanala. Komweko, pa mzere wolandira nandolo, anaona Lurdes. Mayi ake a Lurdes, aNankhoma, anali ochokera kumapiri a kuseri kwa Chidzolomondo, ku Macanga, ndipo anafika ku Malawi atayenda masiku asanu ndi anayi wapansi, ana kumbuyo, mphika kumutu. Anali mayi wautali, wosaseka zachabe. Nkhani ya ukwati itafika, anafunsa kudzera mwa ankhoswe kuti, “Mnyamatayu ali ndi chiyani?”

Mnyamatayo anali ndi masipanala awiri, buluku limodzi ndi pakamwa. Anagwiritsa ntchito pakamwapo.

“Kawauzeni kuti nkhondo ikadzatha, ndidzawabwezera kwawo pa galimoto yangayanga.”

Msasa wonse unaseka. ANankhoma okha sanaseke. Anangoti, “Ndamva,” n'kupereka mwana.

Mtendere utabwera, malole obweza anthu anandanda m'chaka cha 1993. A Tanaziyo ndi akazi awo anakwera n'kudzakhazikika pa Tsangano. ANankhoma anakana. “Pitani inu. Ine galimoto yanga ikubwera.” Anatsala kwa mwana wawo wamwamuna, a Saulosi, amene anakwatira tsidya la Malawi, mtunda wosafika ola limodzi pa njinga kuchoka pa ofisina. Amene amadziwa za m'nyumba za eni amati sichinali chipongwe chokha ayi. Amuna awo a aNankhoma anaphedwa pakhomo pomwe m'nkhondomo, ndipo mtima unali usanakonzeke kukaona pamalopo. Lonjezo la mkamwini linali pobisalira pabwino. Koma zaka zitapita, manthawo anatha, lonjezo lokha n'kutsala. Khirisimasi iliyonse kunkabwera uthenga wa mawu awiri: “Kodi yafika?”

Dziwani kuti m'zaka zonsezi a Tanaziyo ndi apongozi awo anali asanayang'anizanepo. ANankhoma anali a mwambo wakale, uja mkamwini akatulukira uku, mpongozi amapatukira uko. Akapita kukawaona, a Tanaziyo ankakhala kuseri kwa nkhokwe, gogoyo pakhonde atafulatira.

“Iwe nkhuku,” ankatero aNankhoma, “kodi alendo ayenda bwanji?”

“Tayenda bwino,” a Tanaziyo ankauza nkhokwe. “Kaya kuno kwacha bwanji?”

“Nkhuku iwe, kawafunse ngati abwera pa galimoto.”

“Tabwera pa njinga.”

“Ooo.”

“Ooo” ameneyo ankawatsatira a Tanaziyo mpaka kunyumba, n'kugona nawo.

Ana atakula, m'chaka cha 2014, anayamba ntchitoyo. Mnzawo wina woyendetsa malole a ku Joni anawapezera karinya yogubuduzika pa ngozi, denga lophwanyika koma chasi chili bwinobwino. Inabwera pamsana pa lole kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, ndi mapepala a alifandega, a msonkho wa pa malire aja, okhuthala ngati buku la nyimbo. Injini anaitanitsa ya ku Japani, inatsikira pa doko la Beira m'bokosi la matabwa, ndipo tsiku lotsegula bokosilo kunasonkhana anthu ngati pali ubatizo. Denga analiwongola ndi nyundo miyezi iwiri. Anawonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti mimba ikwere m'mwamba. Paipi yopumira injini anaikweza m'mbali mwa galasi, kuti madzi a mumtsinje asalowemo. Kutsogolo anawotchererako chotchinga cha mapaipi akale a mjigo.

Sankachita zongolota. Chilimwe china anakwera njinga yamoto mpaka kumudzi kwa apongoziwo, atanyamula ndodo ya nsungwi. Mwala uliwonse wotukuka pakati pa njira anauyeza, ngalande iliyonse yokumbidwa ndi ngolo anaiyeza, ndipo pa kamtsinje komaliza anafunsa anthu pamene madzi amalekeza mvula ikakwiya. Zonsezo anazilemba ndi mpeni pa ndodoyo. Inkapachikidwa mu ofisina, ndipo wina akaigwira kuti athamangitsire mbuzi ankamva mawu amene sayembekezeka kwa munthu wa m'kwaya.

Nanga bwanji galimotoyo sinkatha? Apa ndi pamene pali matenda a a Tanaziyo. Bambowa sadziwa kukana. Munthu ankafika thukuta lili kamukamu: “A Mesitire, fodya wanga ali panjira, mvula iyo, sitata yafa. Tangondibwerekaniko ya pa karinya yanuyo, poti ikungokhala. Lachisanu ndibweza.” A Tanaziyo ankakanda dazi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kutenga sipanala. Lachisanu la ku Tsangano mumalidziwa. Rediyeta inapita ku chigayo. Batire inkayatsa magetsi a kwaya. Mpando unapezeka kwa wometa tsitsi, anthu akumetedwa atakhala mwaulemu ngati nduna. Ekiselo yonse yakumbuyo, mtanda wachitsulo uja umagwira matayala, inatengedwa ndi Gilberto, woyendetsa shapa, pikapu ya matola, pakati pa Tsangano ndi Ulongwe, mnyamata wa zaka makumi anayi amene amasintha magiya ngati akuthyola nkhuni.

“Galimoto yathu ndiye imayenda kuposa zonse m'boma muno,” ankatero mayi Lurdes pa msika. “Kungoti imayenda mbali zosiyanasiyana.”

Mu Novembala wa chaka chathachi, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, a Saulosi anatulukira pa ofisina. Sanakhale pansi, ndipo chipewa anachigwira m'manja.

“Alamu, amayi miyendo yatupa. Chakudya akungotola pang'ono.”

“Kuchipatala mwapita nawo?”

“Tapita. Akuti ndi mtima, ndi ukalamba. Koma si zimene ndabwerera. Dzulo anandifunsa kuti manda a mudzi uno ali mbali iti. Ndiye anati ndidzakuuzeni kuti musavutikenso nayo galimoto ija. Akuti mwayesetsa.”

A Tanaziyo akanakonda kutukwanidwa. Zaka makumi atatu za “Kodi yafika?” anazipirira, koma “musavutikenso” anawalowa ngati msomali. Ndiye kuti gogoyo wavomera kukagona pakati pa alendo, kutali ndi amuna ake ndi azibale ake, chifukwa cha mkamwini amene analankhula zazikulu ali ndi buluku limodzi. Anayang'ana karinyayo. Nkhuku ina inawayang'ananso kuchokera pamene panayenera kukhala chiwongolero.

“Lude,” anaitana akazi awo, mawu ali pansi. “Zinthu zija tikazitenge.”

“Tikazitenge? Inu mukapita mukabwerako mutabwereketsanso nsapato. Khalani pompano. Ndipatseni wilibala.”

Za ulendo wa mayi Lurdes ndi wilibala anthu akusimbabe. Kwa wometa anapeza munthu atametedwa mbali imodzi. “Dzukani, achimwene, mbali inayo mumalizira pa chitini.” Ku chigayo anaima pakhomo manja m'chiuno mpaka rediyeta inazizira n'kumasulidwa. Wa kwaya anayesa kunena kuti batireyo ikutumikira Mulungu. “Mulungu anakupatsani dzuwa,” anayankha mayiwo. “Muziyimba masana.” Pofika Loweruka zonse zinali pansi pa pichesi. Gilberto anabweretsa yekha ekiselo ija pa ngolo, ataitsuka mpaka kuwala, akumwetulira mopitirira muyeso. A Tanaziyo akanakhala ndi nthawi, kumwetulira kumeneko kukanawadabwitsa.

Anamanga masiku asanu ndi limodzi osalandira galimoto ya munthu. Lachisanu m'mawa injini inalira, nkhuku zinabalalika, ndipo karinya inatsika pa njerwa. Anazungulira nayo msika kawiri, amayi a mbatata akuimba nthungululu. Kenaka, pa msewu wouma wa kumunsi kwa sukulu, anatsika n'kupotokola tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo, tija timamangirira matayalawo ku injini, n'kulowetsa giya ya matayala anayi. Galimoto inayenda mikono khumi n'kuyamba kudumpha ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Matayala analira, chitsulo china kunsi chinabuula. A Tanaziyo anazimitsa msanga.

Anabwerera ku ofisina, anaikweza pa jeke, natenga choko. Analemba mzere pa tayala ndi mzere wina pa shafuti, chitsulo chachitali chija chimapititsa mphamvu ku matayala. Anazunguza matayala akutsogolo kamodzi akuwerenga: shafuti inazungulira pafupifupi kasanu. Anachita chimodzimodzi kumbuyo: kanayi ndi theka. Ndiye kuti miyendo yakumbuyo inkathamanga kuposa yakutsogolo, ndipo vuto linali mu difu, chibokosi cha magiya chija chili pakati pa ekiselo. Pa giya wamba zinalibe kanthu, koma pa giya ya matope galimotoyo ikanadzithyola yokha msana.

“Kaitaneni Gilberto.”

Gilberto anabwera akuyenda chammbali ngati nkhanu.

“Iwe, difu ili mu ekiseloyi ndi yanga?”

“Eee… a Mesitire, kunena zoona ndi yanu. Poti ndakupatsani.”

“Ndikufunsa ija ndinakubwereka.”

“Ija inamwalira, a Mesitire. Chaka chadzana, pa chitunda cha ku Ntengo-wa-Mbalame, nditanyamula matumba makumi atatu okha. Ndiye ndinapeza iyi ku Ulongwe. Koma ndi yabwino! Mwinanso kuposa yanu ija. Imathamanga.”

“Imathamangadi,” anatero a Tanaziyo. “Ikufuna kukafika ku Chidzolomondo mutu wa galimoto usanafike.”

Kuitanitsa difu yofanana ku Joni kukanatenga mwezi, mwina iwiri. Mvula yoyamba inali itagwa kale, ndipo kamtsinje kaja kakadzadza kamakhala kodzadza mpaka Epulo. A Saulosi anali atatumiza uthenga kuti gogo akumwa phala lokha. A Tanaziyo anakhala pa chitini tsiku lonse akuyang'ana matayala. Mayi Lurdes anabweretsa chakudya, anachibweza chozizira. Chakumadzulo anawaona amuna awo akudzuka, kutenga chingwe, n'kuyamba kuyeza mimba ya tayala lililonse linali pa ofisinapo.

Nzeru yake inali iyi: ngati miyendo yakutsogolo ikuchedwa, ipatseni mapazi aakulu kuti phazi limodzi lizipita patali. Anakabwereka matayala awiri akuluakulu kwa mlimi wina wa ng'ombe, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya Tsangano kuti a Tanaziyo abwereke kanthu kwa munthu. Anawamanga kutsogolo, aang'ono n'kutsala kumbuyo. Anayeza ndi chingwe, anachotsako mpweya pang'ono uku, kuwonjezera uko, mpaka choko ndi chingwe zinagwirizana. Atayesanso pa msewu uja, karinya inayenda mosalala ngati mwana wabwino.

Koma maonekedwe! Mapewa m'mwamba, matako pansi, mphuno yoloza kumitambo.

“A Mesitire,” anakuwa wometa uja, amene anali adakali ndi mkwiyo wa mpando, “mwayamba liti kukwera fisi, munthu wa m'kwaya? Masanasana?”

“Fisi ameneyu akafika kumene iwe sunafikeko,” anayankha a Tanaziyo. Koma dzinalo linamamatira, ndipo mpaka lero galimotoyo ndi Fisi.

Lolemba kusanatenthe anafika pa malire. Kumeneko malire ake ndi msewu chabe: uku Mozambique, uko Malawi, mbuzi zimadya mbali zonse. Kumbuyo kwa karinya kunali matumba a ufa, jeke, khasu, ndodo ya nsungwi ija ndi Gilberto, amene anadzipereka kukakankha ngati kulapa kwake. A Tanaziyo anavala malaya oyera a pa Pasaka. Mpando wa kumanzere anali atauika siponji yatsopano n'kuukuta ndi chitenje chimene mayi Lurdes anasunga zaka zambiri.

A Saulosi ndi mayi Lurdes anawolotsa aNankhoma msewu, wina mbali iyi wina mbali iyo. Gogoyo anali atatha, koma khosi linali chiimire. A Tanaziyo anazungulira kuseri kwa galimoto monga mwa mwambo. ANankhoma anaiyang'ana karinyayo kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

“Iwe tayala,” anatero, “ndiwe wonyansa. Koma wabwera.”

Mayi Lurdes anatsegula chitseko. Gogoyo anasuzumira m'katimo, anaona mpando wa chitenje, anaona chiwongolero pafupi pomwepo, mwina dzanja limodzi kutalika kwake.

“Woyendetsa akhala pati?”

“Apo, amayi.”

“Ndipo woyendetsayo ndani?”

“Ndi bambo a kunyumba, amayi. Eni galimoto.”

ANankhoma anabweza phazi limene anali atakweza kale.

“Ine ndikhale phewa ndi phewa ndi mkamwini? Ndakalamba, koma misala sindinachite.”

“Ine ndikhala pakati, amayi. Simugundana.”

“Kanyumba kamodzi, zitseko zotseka, tsiku lathunthu, ndizimva kupuma kwake? Ndikayetsemula? Ndikagona n'kutsegula pakamwa? Iyayi. Ndikwezeni kumbuyo, pa matumbapo.”

“Kumbuyo simukafika wamoyo, amayi! Taonani mitamboyo. Mphepo ya ku Furancungo mukuidziwa inu.”

“Amayi, masiku ano zinasintha,” anayesa a Saulosi. “Anthu amadyera limodzi ndi apongozi awo pa tebulo.”

“Adye. Ine zaka makumi atatu ndamulemekeza mwana wa eniyu, sindingamuchotse ulemu lero chifukwa cha siponji. Ngati kumbuyo sikutheka, ndibwezeni. Manda a kuno mwandionetsa kale.”

Kuseri kwa galimoto a Tanaziyo anamva zonse. Zaka zisanu ndi zinayi anayeza mwala uliwonse wa panjira, anayeza madzi a mumtsinje, anayeza mpaka mimba za matayala, koma mtunda wa pakati pa mipando iwiri sanauganizireko n'kamodzi komwe. Ndipo m'maloto awo onse a ulendowu, pa chiwongolero pankakhala iwo, malaya oyera, chigongono pawindo, akulowa m'mudzi anthu akuona. Anayang'ana kiyi m'dzanja lawo. Anayang'ana Gilberto, amene anali pamwamba pa matumba akutafuna chimanga chootcha. Amene anali pafupi amati bamboyo anatsinzina monga amachitira pomvetsera injini yodwala.

“Gilberto, tsika.”

“A Mesitire?”

“Ndinalonjeza galimoto yanga. Sindinanene kuti woyendetsa adzakhala ndani. Gwira kiyi.” Anamugwira dzanja asanalandire. “Kalachi uziponda mpaka pansi. Mpaka pansi, wamva? Ukandithyolera giya, ndikakukwirira komweko.”

Atatero anakwera kumbuyo, ndi malaya a Pasaka, n'kukhala pa thumba la ufa.

Ulendo umenewo a Tanaziyo anaumva ndi makutu kuposa ndi maso. Pa chitunda choyamba Gilberto analowetsa giya yachiwiri, bokosi la magiya linakukuta mano, ndipo chibakera chinagwa padenga. Gu! gu! gu!

“Ndamva, a Mesitire!”

“Sunamve! Ukuyendetsa ngati wakuba!”

“Kodi kumwambaku kukugwa matalala?” anafunsa aNankhoma m'katimo.

“Ndi bambo a kunyumba, amayi.”

“Auze asaboole denga. Galimotoyi ndi yanga.”

Anadutsa Ulongwe dzuwa lili pamutu, anthu akuloza Fisi n'kumagwa ndi phwete. Pa Furancungo anaima pa msika kuti gogo amwe tiyi, ndipo oyendetsa njinga zamoto anaizungulira galimotoyo akufunsa ngati inabadwa choncho. Atangopatuka kulowa njira ya ku Chidzolomondo, mvula inayamba. Sinali ya masewera. Njira inasanduka phala lofiira. A Tanaziyo analumpha, anapotokola tizitsulo ta matayala akutsogolo, anakuwa kuti, “Giya yaing'ono ija, kokera kumbuyo! Pang'onopang'ono!” Fisi anakhwinyata mapewa n'kuyamba kukwera, matayala onse anayi akukumba mogwirizana. Pa miyala imene inalembedwa pa ndodo, mimba inadutsa osakhudza. Munthu anali kumbuyo uja, madzi akutsika pa dazi kulowa m'malaya, ankaseka yekha.

Kenaka kawindo kakang'ono ka kumbuyo kwa kanyumbako kanatseguka. Panatuluka dzanja lowonda, la makwinya, litagwira bulangete limene gogoyo anafunda m'miyendo. Nkhope sinatembenuke.

“Lude, uza matumba a ufawo afunde. Anganyowe.”

A Tanaziyo analandira ndi manja awiri. “Matumba athokoza,” anauza jeke.

Pa kamtsinje komaliza madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. A Tanaziyo anatsika ndi ndodo yawo, analowa m'madzimo mpaka m'chiuno, akufufuza pansi. Madzi analekeza chala chimodzi kunsi kwa mzere wapamwamba. Mawa lake sakanawoloka. Anatembenuka, anayenda chobwerera m'mbuyo akukodola Gilberto ndi manja onse awiri, uku akumutukwana mwachikondi kuti asachotse phazi pa mafuta. Madzi anafika pa nyali, anakwera pa boneti, paipi ija ikupuma pamwamba. Mayi Lurdes ankapemphera mokweza. ANankhoma akuti anangoti, “Mwala waukulu uli kumanja, pamene tinkachapira,” ndipo unalidi kumanja. Fisi anatulukira tsidya linalo akukha madzi ngati galu.

Anafika dzuwa litapendeka, mvula itakata. Ana a ang'ono awo a aNankhoma, amene tsopano ndi agogo nawonso, anathamanga kuchokera m'minda ya fodya, ena akulira, ena akuseka galimotoyo, ena zonse ziwiri. Nyumba yakale kunalibe, koma mtengo wa mango umene amuna awo anabzala unalipo, utakula moti anthu awiri sangaukumbatire. Gogoyo anakana kunyamulidwa. Anayenda yekha ndi ndodo mpaka pamtengopo, anaugwira, anakhala pansi, n'kupempha madzi a pa kasupe wa kumunsi. Atamwa anati, “Awa ndiye madzi. Zaka zonsezi ndimamwa mankhwala.”

A Tanaziyo anali ataima kuseri kwa karinya, bulangete pamapewa, malaya a Pasaka atasanduka a mtundu wa njerwa. ANankhoma anatembenukira ku galimotoyo.

“Iwe Fisi, kauze mbuye wako kuti wachedwa.”

“Wachedwadi,” a Tanaziyo anauza tayala lakumbuyo.

“Umuuzenso kuti mwana wanga sindinamutaye. Ndinampatsa munthu.”

Pamenepo a Mesitire anagwada n'kuyamba kuyang'ana kunsi kwa galimoto, akuti kuona ngati oyilo akudontha. Anakhalitsa kunsiko. Gilberto, amene sadziwa kusunga kanthu, amati oyilo sankadontha.

ANankhoma sanafulumire. Madzi a kwawo anawadzutsa moti anadya chimanga chachiwisi cha chaka chimenecho, anakangana ndi adzukulu za malire a dimba, n'kudzamwalira mu Juni, nthawi ya chisanu. Anagona pafupi ndi amuna awo. Fisi ndiye ananyamula anthu a ku Tsangano kupita ku maliro, ndipo ulendo umenewo eniake anayendetsa okha, Gilberto ali kumbuyo pa matumba.

Lero mukapita kuseri kwa msika mukaipeza karinyayo pansi pa pichesi. Yabwereranso pa njerwa. Rediyeta ili ku chigayo, batire ikuimbitsa kwaya, matayala aakulu aja anabwerera kwa mwini ng'ombe, ndipo nkhuku zalowanso. Mayi Lurdes akuti atopa, poti wilibala ija nayo amuna awo omwewo anaibwereketsa kwa munthu. Sabata yatha wometa uja anabwera kudzapempha mpando wa chitenje, poti ukungokhala, Lachisanu abweza. A Tanaziyo anakanda dazi, anayang'ana kumwamba, dzanja linapita lokha pa sipanala. Kenaka analibweza.

“Tenga wa dalaivala,” anatero. “Uwo uli ndi mwini wake.”